Zimene Zinadikira ndi Zimene Sizikanadikira M'zaka za Korona

Pamene mliri wa korona, umene a zachipatala amautcha COVID-19, unafalikira m'maiko onse m'chaka cha 2020, anthu a mitundu yosiyanasiyana anakakamizika kusiya misonkhano imene makolo awo sanali kuisiya, kuyambira zionetsero za mabwato m'mizinda ya kutsidya kwa nyanja ndi masewero a Olimpiki a ku Tokyo, amene anakankhidwira ku 2021, kufikira magule a m'midzi ya kuno kwathu. Popeza ana amene anali kumbuyo kwa amayi awo nthawi imeneyo tsopano ayamba sukulu, nayamba kufunsa akulu za zinthu zimene sanazione, ndasonkhanitsa mafunso amene amamveka pakati pa anthu a ku Mtunthama ndi midzi yozungulira, kuti ndiwayankhe monga momwe zinthuzo zinayendera.

Kodi m'chigawo chino cha Afirika munali mwambo wa mabwato umene unalephereka chifukwa cha mliri?

Unalipo, ndipo ndi umodzi wa miyambo yaikulu koposa ya pamadzi m'maiko otizungulira, ngakhale kuti ife a ku Kasungu, amene madzi athu ndi a Bua ndi Dwangwa, amenenso nyanja timaidziwira pa usipa wobwera pamsewu wa ku Nkhotakota, timangoumva m'mbiri. Mwambowo ndi Kuomboka, wa Alozi a kumadzulo kwa Zambia. Mvula ikagwa mokwanira, Zambezi nasefukira m'chigwa cha Barotse, mfumu yawo yaikulu, Litunga, imasamuka ku Lealui, mudzi wa m'chigwa, kupita kumtunda ku Limulunga, pafupi ndi Mongu. Ndipo ulendowo imauyenda m'bwato lalikulu lotchedwa Nalikwanda, la mizere yakuda ndi yoyera, lokhala ndi chifanizo cha njovu pamwamba pake, lopalasidwa ndi amuna oposa 100 ovala zikopa za nyama ndi zipewa zofiira, ng'oma zachifumu zikulira m'bwatomo ndipo mabwato ena ambiri akutsata pambuyo. Mu 2019 mwambowu sunachitike chifukwa chilala chinachepetsa madzi m'chigwa. Mu 2020 madzi anabwera, anthu nakonzeka, koma mliri unafika nthawi yomweyo ndipo ulendo unaimitsidwa. Mu 2021 zinateronso. Nalikwanda anadzayendanso pamaso pa khamu pa 9 Epulo 2022, njovu yake ili pomwepo, ng'oma zili zomwezo, ndipo palibe Mlozi amene anaiwala njira ya ku Limulunga. Amene anataya chenicheni ndi eni nyumba zogona alendo ku Mongu, oyendetsa magalimoto, ndi amayi ogulitsa nsomba ndi zakudya, pakuti phindu la masiku ochepa aja, limene ena amaliyembekezera chaka chonse, silibwezeka ndi mwambo wa chaka china.

Nanga miyambo ya Achewa inatani?

Inagwa m'tsoka lomwelo. Kulamba, umene umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika m'boma la Katete, kumene mafumu a Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi ndi kumuuza za m'maiko awo, sunachitike mu 2020 ndi mu 2021, ndipo unayambanso mu 2022. Mafumu a kuno ku Kasungu, amene amanyamuka ndi magulu awo a gule wamkulu, kudzera ku Mchinji kukaoloka malire, anakhala pakhomo zaka ziwirizo. Ngakhale chikondwerero cha ufulu wa dziko pa 6 Julayi 2020, chimene chinayenera kuchitikira pa bwalo la Bingu ku Lilongwe pamodzi ndi mwambo wolonga mtsogoleri watsopano, Lazarus Chakwera, chinasinthidwa mwadzidzidzi, mwambowo nukachitikira ku Kamuzu Barracks pamaso pa anthu owerengeka okha.

Kodi malamulo oletsa misonkhano anayamba liti m'Malawi?

Anayamba nthendayo isanapezeke m'dziko muno. Pa 20 Marichi 2020 mtsogoleri wa nthawiyo, Peter Mutharika, analengeza kuti dziko lili pa ngozi, naletsa misonkhano ya anthu oposa 100, nalamula kuti sukulu zonse zitsekedwe kuyambira pa 23 Marichi. Odwala atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo ku Lilongwe, ndipo imfa yoyamba inamveka pa 7 Epulo ku Blantyre. Kuyambira pamenepo malamulo anali kukhwima ndi kufewa monga momwe matenda anali kukwerera ndi kutsika: mu Ogasiti 2020 kuvala masiki pagulu kunakhala lamulo, wolakwa nalipitsidwa chindapusa cha K10,000, maminibasi anauzidwa kuchepetsa okwera, ndipo eni ake, posafuna kuluza, anakweza mtengo, kotero kuti mlimi wa ku Mtunthama wopita ku Kasungu boma analipirira mpando wake ndi theka la mpando wopanda munthu umene unali pambali pake.

Nanga bwanji m'bindikiro wa masiku 21 unakanika, pamene maiko ena anautsata?

Boma linalengeza kuti kuyambira pa 18 Epulo kufikira pa 9 Meyi 2020 anthu onse akhale m'nyumba zawo ndipo misika ikuluikulu itsekedwe. Koma mavenda a ku Mzuzu, ku Blantyre ndi m'matauni ena anatuluka m'misewu kunena kuti kuli bwino kufa ndi korona kusiyana ndi kufa ndi njala, ndipo bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC linapita kubwalo lalikulu la milandu, kumene woweruza Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi. Chodandaula chachikulu chinali chakuti boma silinanene chimene osauka adzadya m'masiku amenewo. Ine ndiyesa kuti odandaulawo sanalakwe, pakuti kuuza munthu amene nkhokwe yake ndi msika kuti akhale m'nyumba masabata atatu kufanana ndi kumangirira mbuzi pathanthwe n'kuiuza kuti idye. Pambuyo pake boma linalonjeza K35,000 pamwezi kwa mabanja osauka a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Anthu a pamalo amalonda ang'onoang'ono monga Mtunthama, akabaza, otcheza, ogulitsa kaunjika, sanali m'gulu limenelo.

Tisabise chinthu china. Khoti litagamula pa 3 Febuluwale 2020 kuti chisankho cha 2019 chichitikenso, andale a mbali zonse anachititsa misonkhano ya anthu zikwizikwi mpaka tsiku loponya voti pa 23 Juni, m'miyezi yomweyo imene munthu wamba anali kuuzidwa kuti asapatsane moni wa m'manja. M'miyezi yomweyonso mabasi anali kubweretsa abale athu ochokera ku South Africa kudzera pachipata cha Mwanza, ndipo mu Meyi oposa 400 a iwo anathawa pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre pamene anawasunga kudikira zotsatira za kuyezedwa. Lamulo limene olilemba salisunga limapepuka m'maso mwa olamulidwa, ndipo zambiri za kukayika kumene kunadza pambuyo zinamera m'nthaka imeneyi.

Kodi fodya, amene ndiye moyo wa dera lino, anagulitsidwa bwanji?

Apa ndi pamene kusiyana kwa zodikira ndi zosadikira kunaonekera poyera. Mliri unafika m'nyengo imene fodya wa bale wauma m'zigafa, alimi akusankha masamba monga mwa magiredi ake, akumanga zitsakata ndi kudinda mabelo ndi jeke. Ndipo fodya wotere sangauzidwe kuti adikire chaka chamawa, pakuti akakhalitsa amataya maonekedwe ndi kulemera, akalandira chinyontho amachita nkhungu, ndipo ngongole ya feteleza, malipiro a matenanti ndi a aganyu zonse zimayang'ana tsiku la okushoni. Chifukwa chake msika sunatsekedwe. Unatsegulidwa ku Kanengo pa 20 Epulo 2020, ndipo misika ya Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu inatsatira. Koma bungwe loyang'anira malonda a fodya linachepetsa anthu ololedwa kulowa, kotero kuti alimi ambiri anaimiriridwa ndi akuluakulu a mabungwe awo m'malo mwakuti aone okha malonda.

Amene sanalowepo mu okushoni sangamvetse kuwawa kwa lamulo limeneli. Mabelo amandandalikidwa m'mizere italiitali, lililonse litatsegulidwa pamwamba, chikalata chake chili pomwepo. Ogula amayenda mofulumira m'mbali mwa mzere, uyu kusolola chitsakata, kuchitambasula, kuchinunkhiza, kuchiponya, ndipo m'kamphindi mtengo walembedwa, gulu lapita pa belo lina. Mwini fodya akakhala pafupi amatha kuona mtengowo, ndipo ukamunyansa amatha kukana kuti belo lake ligulitsidwe, kuti lidzayesedwenso tsiku lina. Amathanso kumva ndi makutu ake chifukwa chimene belo lakanidwira, kaya ndi kusakaniza magiredi kaya ndi zinyalala za pulasitiki. Woimirira alimi mazana, ngakhale atakhala wokhulupirika chotani, sangaime pa belo lililonse ndi mtima wa amene anafesa nazale mu Seputembala, nathirira m'mawa ndi madzulo, nawokera ndi mvula yoyamba. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Ndipo chaka chimenecho alimi ambiri anakhala kunyumba, fodya wawo ali m'manja mwa ena, iwo akungodikira pepala la malonda ndi uthenga wa kubanki. Ndalama zimene dziko linapeza pa fodya mu 2020 sizinafike madola 180 miliyoni, pamene mu 2019 zinapitirira madola 230 miliyoni. Koma si chilungamo kusenzetsa korona mlandu wonsewo, popeza fodya wolimidwa chaka chimenecho anali wochepa kale, ndipo ogula a kunja akhala akuchepetsa zofuna zawo kwa zaka zambiri.

Kodi maliro ndi mapemphero anthu anawasintha motani?

Ukwati ukhoza kukankhidwira kutsogolo, ndipo ambiri anatero. Chinamwali chikhoza kudikira chilimwe china. Koma maliro sapangana tsiku. Lamulo la mu Ogasiti 2020 linaloleza anthu 50 okha pamaliro, ndipo aliyense wodziwa mudzi wa Chichewa adziwa kuti adzukulu okumba manda, amayi ophika ndi otunga madzi, akwaya, anamfedwa okhala m'siwa, mafumu ndi nduna zawo amapitirira chiwerengero chimenecho alendo asanafike n'komwe. Tsono m'midzi lamulolo linasungidwa mwa theka: mwambo unafupikitsidwa, olankhula anachepetsedwa, m'malo ena kuphika kunaletsedwa, pakhomo pa siwa panaikidwa ndowa ya mpopi ndi kachidutswa ka sopo komangidwa pachingwe, ndipo anthu anapepesana mwa kuwomba m'manja chapatali, koma kuletsa munthu kukhuza maliro a mnansi wake mafumu ambiri sanakuyese, podziwa kuti maliro n'kulirana, ndipo wosapita pa a anzake adzasowa womukumbira manda.

Chowawa koposa chinali cha omwalira ndi korona yemweyo. Thupi silinaloledwe kugona m'nyumba. Linabwera litakulungidwa kale, alangizi a zaumoyo ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi ali pambali, ndipo abale sanalisambitse kapena kuona nkhope. Kwa anthu amene amakhulupirira kuti wakufa wosaperekezedwa bwino sagona mwamtendere, chinthu chimenechi chinali cholemera, ndipo chinabala mphekesera zakuti m'mabokosimo munalibe anthu, kapena kuti achipatala anali kulemba korona pa imfa iliyonse kuti alandire ndalama. M'maboma ena anthu anafika pogenda maambulasi. Mphekeserazo zinali zabodza, ndipo zinapweteka anamwino amene anali kuika moyo wawo pachiswe. Koma zinakula chifukwa olamula anafulumira kunena choletsedwa asanakhale pansi ndi mafumu kufunafuna chimene chingalowe m'malo mwake.

Za mapemphero zinayenda mwamsanga. Boma litalamula kuti pasasonkhane anthu oposa 10, atsogoleri a mipingo anadandaula kuti sanafunsidwe, ndipo patapita masiku ochepa chiwerengerocho chinakwezedwa kufika pa 100. Mipingo inagawa mapemphero a Lamulungu kawiri kapena katatu, ena napempherera pansi pa mitengo.

Kodi ana a sukulu anataya chiyani, popeza sukulu zinatsegulidwanso?

Zinatsegulidwadi, makalasi olemba mayeso pa 7 Seputembala 2020 ndipo ena onse pa 12 Okutobala, kenaka n'kutsekedwanso kwa masabata angapo mu Januwale 2021. Koma chaka cha mwana sichili ngati mwambo umene ukhoza kuchitika pambuyo osasintha kanthu. Lamulo lotseka linagwera mofanana Kamuzu Academy, imene Dr. Hastings Kamuzu Banda anaitsegula mu 1981 pafupi ndi mtengo wa kachere pamene iye anaphunzirira ali mwana, ndi sukulu za pulaimale za m'midzi ya Mfumu Wimbe. Koma ana sanapite ku nyumba zofanana. Wa m'banja lokhala ndi magetsi, kompyuta ndi intaneti anapitiriza kuwerenga. Wa m'mudzi anauzidwa kuti amvere maphunziro pa wailesi, pamene wailesi ya pakhomo, ngati inalipo, inali ya bambo, ndipo mabatire ake anali kusungidwira nkhani ndi mauthenga a maliro; iye mwini anali kufunika kuchigafa ndi kumunda kokolola chimanga. Kafukufuku wa boma anapeza kuti m'miyezi imene sukulu zinali zotseka atsikana pafupifupi 40,000 anatenga pathupi ndipo maukwati a ana anafika pafupifupi 13,000. Mafumu ena anathetsa maukwati otere nabwezera ana kusukulu, ndipo ayenera kuyamikidwa. Komabe mabenchi ambiri a Sitandade 7 ndi 8 anakhala opanda eni ake, ndipo m'kuona kwanga ichi ndicho chilonda chachikulu chimene mliri unasiya m'midzi, choposa miyambo yonse yolephereka kuiphatikiza pamodzi.

Kodi makolo athu analibe nzeru zawo za nthawi ya mliri?

Anali nazo, ndipo zina sizisiyana kwambiri ndi zimene madokotala analamula. Nthomba ikalowa m'mudzi, wodwala anali kumangiridwa msasa kuthengo, nasamalidwa ndi munthu amene anadwalapo nachira, popeza anazindikira kuti wotere saidwalanso; mfumu inali kulengeza kuti mudzi udike, maulendo achepe, ndipo alendo anali kubwezedwa panjira. Chimfine chachikulu cha 1918, chimene chinalowa m'Nyasaland kumapeto kwa chaka chimenecho, asilikali ndi amtengatenga akubwerera kuchokera kunkhondo, chinapha anthu ochuluka kotero kuti m'midzi ina okumba manda anasowa. Kupatula wodwala si mwambo wa Azungu, ndipo owerenga Buku Lopatulika adziwa kuti chilamulo cha Mose chinali nawo malangizo ake pa akhate. Chachilendo pa korona chinali chakuti munthu wooneka wathanzi akhoza kupatsira mnzake. Nthomba imadzilengeza pankhope, koma nthenda iyi inali kuyenda ndi munthu amene akuseka nanu.

Kodi ndi liti pamene anthu anakhulupirira kuti nthendayi ilikodi?

M'chaka choyamba ambiri a kumudzi anali kuitcha nthenda ya olemera ndi ya oyenda pandege. Zinasintha mu Januwale 2021, pamene matenda anakwera mwadzidzidzi pambuyo pa maulendo a Khirisimasi, zipatala zinasowa mpweya wothandizira kupuma, ndipo pa 12 Januwale nduna ziwiri za boma, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Pamenepo kuyenda usiku kuyambira 9 koloko kunaletsedwa, misika inauzidwa kutseka 5 koloko madzulo, ndipo mantha anagwira ngakhale onyoza aja. Mandimu, jinja ndi adyo zinakwera mtengo pamsika. Mitengo ya bulugamu inathyoledwa masamba, anthu akuwiritsa m'miphika ndi kudzifunditsa bulangete kuti apume nthunzi yake. Zimenezi zimapepuza chifuwa ndi mphuno, koma sizipha kachilombo, ndipo ena anachedwa nazo kunyumba pamene anafunika kuthamangira kuchipatala cha St Andrew's kapena cha boma ku Kasungu. Pofika kumapeto kwa mliri, omwalira olembedwa m'kaundula wa boma anapitirira 2,600, ndipo amene anafera m'midzi osayezedwa sali m'chiwerengero chimenecho.

Nanga katemera anthu anamukaniranji?

Katemera woyamba, wa AstraZeneca wokwana 360,000, anafika pa 5 Marichi 2021 kudzera mu ndondomeko ya COVAX, ndipo mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Chakwera, anabayidwa poyera pa 11 Marichi ku Zomba kuti alimbitse anthu mtima. Koma mauthenga a pa WhatsApp anali atafika kale m'midzi, ena akuti katemerayo ndi wotseka mimba, ena akuti ndi chizindikiro cha chilombo cha m'Chivumbulutso. Ndipo m'miyezi yomweyo kunamveka kuti ndalama zambiri mwa K6.2 biliyoni zolimbanira ndi mliri zinathera m'maalawansi ndi kugula zinthu pamitengo yokayikitsa, nkhani imene inachotsetsa nduna ina paudindo mu Epulo 2021. Munthu womva zotere m'mawa savutika kukhulupirira bodza madzulo. Pa 19 Meyi 2021 nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, Khumbize Kandodo Chiponda, amene analinso phungu wa m'boma lino la Kasungu, anatsogolera kutentha katemera 19,610 wotha mphamvu ku Kamuzu Central Hospital, kuti anthu aone kuti sadzabayidwa wakale. Kumene kubaya kunayenda bwino ndi kumene alangizi a zaumoyo anayamba afika kwa mfumu ndi kwa abusa, akuluwo napereka mkono wawo anthu akuona.

Kodi pa zizolowezi za nthawi ija chilipo chimene chinatsala?

N'zochepa. Kutumizirana ndalama pafoni kunakula ndipo sikunabwerere m'mbuyo. Atelala amene anapeza kangachepe posoka masiki a chitenje anabwerera ku mayunifolomu. Moni wa m'manja unabwerera mwamsanga kuposa china chilichonse. Ndowa za mpopi, zimene zinali pakhomo pa sitolo iliyonse ndi tchalitchi chilichonse, zambiri zinasanduka zosungira madzi akumwa kapena ufa. Patangopita nthawi yochepa, mu Marichi 2022, kolera inabuka ku Machinga, nifalikira m'maboma onse a dziko lino, ndipo pofika pakati pa 2023 inali itapha anthu oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa koposa yonse imene inalembedwapo m'Malawi. Mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegula sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre, ndipo alangizi a zaumoyo anayambanso kuyenda khomo ndi khomo ndi mabotolo a kulorini, akupempha eni sitolo ndi akulu a mipingo kuti atulutsenso ndowa zija.